Sola Yomwe Inapita ku Maliro

Kamodzi pa chaka a Samuele Bonomar ankayenera kupita ku Mandimba kukatsimikizira boma kuti sanamwalire. Iwo sankaona chachilendo pamenepa. Anagwira ntchito m'ofesi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankadziwa kuti munthu akhoza kuyenda, kutsokomola, ngakhale kukangana ndi mkazi wake, koma ngati palibe pepala lonena kuti ali moyo, zonsezo ndi mphekesera chabe.

Anali servente pa ofesi ina ku Cuamba: kusesa, kupukuta benchi ya odikira, kunyamula mapepala kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo, ndi kutsekera karimbo, chidindo cha ofesi, m'kabati shefe, bwana wawo, akapita kukadya. Ntchitoyi anaipeza mu 1994, atangobwera kuchokera ku Malawi kumene anathawira nkhondo. Anabwerako ndi mkazi wawo Zaituni, mwana mmodzi, Ivone, miphika iwiri ndi Chipwitikizi cha kalasi yachinayi ya ku mishoni, chomwe anachisunga bwino zaka zonse za ku msasa ngati jekete la pa ukwati. Mawu omwe anawanena kwambiri pa moyo wawo ndi akuti "bwerani mawa." Ankawanena m'Chinyanja, m'Chiyao, m'Chimakua ndi m'Chipwitikizi, mofatsa kotero kuti anthu ena ankathokoza potuluka.

Atapuma ntchito anakakhala ku Mitande, pa munda wa chimanga ndi chinangwa. Mwezi ndi mwezi kunkabwera refoma, kandalama ka opuma pantchito. Sikanali koti munthu n'kunenepa nako, koma ndi komwe kankagula mankhwala a kuthamanga kwa magazi a mayi Zaituni, sopo, mchere ndi thumba la feteleza nthawi ya dzinja. Kuti kandalamako kasaleke, pankafunika kuonekera pamaso pa brigada: anthu atatu a galimoto yoyera, oyenda ndi makina ojambula chala. Munthu ukaika chala, makina n'kulira, basi uli moyo mpaka chaka chamawa. Ukaphonya, refoma imaima.

Kale tsiku la brigada ankalilengeza pa wailesi, n'kumatanso pepala pa chitseko cha ofesi. Kenaka kunabwera chitukuko. Anati wailesi ndi mapepala n'zachikale, tsopano aliyense azilandira uthenga pa foni yake. Amene anaganiza zimenezi ayenera kuti anali ndi magetsi kunyumba kwawo.

Ku Mitande, foni ya a Samuele inkadya pa baraka ya Edilson, kagolosale ka pa msika, mtunda wa maola awiri pa njinga. Edilson anali ndi masola akuluakulu pa denga ndi thabwa lodzaza mafoni ngati nsomba pa thandala. Umasiya lero, n'kudzatenga mawa. Tsiku lina foni inabwerako ndi batire lotupa ngati chitumbuwa, pomwe inapita ndi batire labwino. Edilson analumbira kuti sanakhudze kanthu. A Samuele, munthu wozolowera kuti chinthu chikasowa pamalembedwa lipoti, anafunsa kuti dandaulo akalipereke kwa yani. Anthu a pa baraka anaseka mpaka wina anatsamwa ndi mtedza.

Ndi mmene ganizo la sola linabwerera. Mayi Zaituni anatsutsa. Anati mbuzi yomwe akufuna kugulitsayo imaswa, galasi siliswa. Amuna awo anayankha kuti mbuzi siilandira uthenga wa boma. Mbuzi inapita.

Kasolako anakagula pa msika wa Mandimba, kwa munthu wogulitsanso maloko, matochi ndi mankhwala a makoswe. Kanali kakakulu ngati kabuku ka kusukulu kotsegula, kopindika pakati, ndi chingwe chimodzi. Pa katoni panali azungu awiri atakhala pa phiri, akumwetulira. Wogulitsa anati n'ka ku Jeremani, ndipo kamagwira ngakhale ndi kuwala kwa mwezi. A Samuele anapempha resibo, risiti yokhala ndi karimbo. Munthuyo anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka analemba dzina lake kuseri kwa katoni ya fodya, n'kudindapo ndi chala chopaka makala. Iwo anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya.

Choona chake n'chakuti kasolako kankagwira ntchito. Za mwezi zija zinali zabodza, ndipo za Jeremani palibe anakafunsa, koma dzuwa likawala bwino, foni yoikidwa m'mawa inkakhuta mithunzi isanafupike. Kukachita mitambo, tsiku lonse linkapereka kamzere kamodzi. Kankadyetsa foni imodzi pa nthawi, ndipo kankafuna kukapukuta fumbi ndi kukatembenuza kutsatira dzuwa monga achitira woyanika makaka. A Samuele ntchito yotere ankaidziwa. Anakakonzera kampando pa bwalo, anakasokera kathumba ka kapulana, chitenje chakale, ndipo nkhuku zinaphunzira kuyenda patali.

Cholakwa chawo choyamba chinali chakuti sanathe kukhala chete. Tsiku la msika anaima pa baraka ya Edilson, osatsika njinga, n'kulengeza anthu onse akumva kuti kuyambira lero mabatire azisinthana okhaokha, iwo atulukamo.

"Dzuwa ndi lanu, madala," anatero Edilson, osadzutsa n'komwe mutu. "Mudzatipeza pompano."

Pa nkhani ya brigada a Samuele anali ndi mnzawo mmodzi, Che Amade, mchimwene wa mayi Zaituni. Che Amade anali guarda, mlonda wa pa kachipatala kena ku Ngauma, mpaka anapuma, ndipo chaka chilichonse ankatsika pa njinga kudzaika chala ku Mandimba. Mkhristu ndi Msilamu, alamu awiriwa ankakhala pamzere umodzi kuyambira m'mawa, ndipo makina akalira ankapita kukamwa tiyi ndi buledi. Che Amade ankakweza kapu n'kunena kuti, "Alamu, atipatsanso chaka." Amene wayamba kumva za tsikulo ankauza mnzake. Kumudzi kwa a Samuele kunalibe wina wolandira refoma.

Uthenga woyamba waukulu womwe foni yokhutayo inalandira unali wakuti Che Amade amwalira. Kunali kumapeto kwa mwezi wa Junyu, kukuzizira.

Mayi Zaituni anamanga katundu akulira: ufa, nkhuku ziwiri, makapulana. Kenaka anatuluka panja, anapinda kasola kaja, n'kukaika m'kathumba kake, pamwamba pa ufa. A Samuele anaona. Anatsegula pakamwa, koma akazi awo anawatsogolera, osawayang'ana, kuti ana a malemu ali ku Joni ndi ku Nampula, adzafuna kulankhula ndi mayi awo, ndipo kumudziko kulibe kotchajira. Pamaliro sabisa chinthu. Wa benchi amapereka benchi, wa mphika waukulu amapereka mphika, wa nyali nyali. Zakhala choncho kuyambira kale, ndipo palibe anaganizapo zopatula sola.

Ku Ngauma kasolako anakaika pa thandala, kuseri kwa siwa, ndipo pofika masana panali lichero lodzaza mafoni odikira. Mzere wake unali wa ulemu: ya shehe poyamba, kenaka ya malemu yomwe ana ankaimbirapo, kenaka za alendo ochokera kutali, za akuluakulu a banja, za amayi ophika. Ya mlamu, mwini sola, inali yomaliza, popeza mwini chinthu sadya alendo asanadye. Masiku atatu onse sinafikepo. Koma a Samuele sanadandaule. Anthu ankabwera kudzafunsa mtengo wake ndi kumene anagula, ndipo iwo ankafotokoza motsitsa mawu, monga ziyenera pamaliro, koma mosasiya kanthu, mpaka za azungu a pa katoni.

Itatha sadaka ya tsiku lachitatu, anthu anayamba kubalalika. Mkazi wa malemu anali atalowa eda: satuluka pakhomo, salankhula ndi amuna, ndipo dziko lonse limamufikira kudzera pa foni ya mwamuna wake. Mayi Zaituni anati atsala naye mpaka arobaini, sadaka ya masiku makumi anayi. Zinthu zobwerekedwa pa maliro akuluakulu otere, zomwe namfedwa akuzigwiritsabe ntchito, zimabwerera tsiku limenelo. Kuitanitsa chako lisanafike n'chimodzimodzi kunena kuti watopa nako kulira.

M'mawa wonyamuka, a Samuele anazungulira kuseri ngati akupita kukasamba m'manja. Anaima pa thandala. Anagwira chingwe.

"Bambo a Ivone," anatero akazi awo chapansipansi, ali pa khomo la khitchini. "Anthu akuona."

A Samuele anachotsa dzanja, napukuta fumbi pa galasi ndi mkono wa malaya, ngati n'zomwe anadzera.

Pa njira yobwerera anadzitonthoza ndi nzeru za ntchito yawo, ndipo ichi ndicho chinali cholakwa chachiwiri, chachikulu. Brigada inkabwera nthawi ya dzuwa lowotcha, mango akuyamba kupsa. Chaka china inabwera mvula itagwa kale, china inafika anthu akupalira. Pa zaka zonse zomwe anakhala m'ofesi anaona mapepala akuchedwa, akusochera, akudyedwa ndi chiswe, koma sanaonepo ngakhale limodzi likufulumira. Munthu wosadziwa maofesi akanachita mantha n'kupita kwa Edilson. Iwo ankawadziwa.

Foni inazima tsiku lachiwiri atafika. Za baraka anaziganizira ndithu, kawiri kapena katatu. Koma akakumbukira nkhope ya Edilson, ndi anthu a mtedza aja, ankapeza kuti pakhomo pali ntchito yambiri. Anaika foni m'chitini cha mapepala, pamodzi ndi bilyeti ya unzika, chiphaso cha refoma ndi resibo ya makala. Anatonola chimanga, anakumba chinangwa, anakonza nkhokwe. Anali masabata abata, ndipo pambuyo pake ankati sanagonepo tulo tabwino ngati m'masiku amenewo.

Pa arobaini panaphikidwa mpunga ndi mbuzi. Mapemphero atatha, katundu wa malemu anamuyala pa mphasa kuti banja lione: njinga, wailesi, mikanjo itatu, jekete la uguarda, tochi ndi foni. Fonimo munali mauthenga omwe palibe anawatsegula masiku onsewo. Ana akaimba, mayi awo ankayankha, koma zolembedwa zinali za mwini wake, ndipo za malemu sazigwira tsiku lake lisanakwane. Popeza zinali m'Chipwitikizi cha maofesi, akuluakulu anati aitane alamu, munthu wa boma.

A Samuele anavala magalasi, anakhosomola, nayamba kuwerenga n'kumamasulira. Uthenga woyamba unali wa kampani ya mafoni, wouza malemu kuti akagula mayunitsi lero alandira ena aulere. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anauwerenga ndi mawu a ntchito, aja ankaitanira anthu pa benchi. Unkapempha wolemekezeka Amade Saide kuti aonekere ku Mandimba pa 17 Julyu, nthawi ya 8 koloko, ndi bilyeti yake, kukatsimikiza kuti ali moyo, ndipo kulephera kutero kudzachititsa kuti refoma iimitsidwe.

Pa mphasa panadutsa kaphokoso. Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Shehe anapukusa mutu nati boma lachedwa pang'ono. Mmodzi wa ana a malemu anati akanakhala nawo mphamvu akanawanyamula bambowo kukawaonetsa.

A Samuele anali akuyang'anabe pa foni. Pa 17 Julyu panali patapita masabata awiri ndi theka. Anawerenganso tsikulo mumtima, kuti mwina maso awanamiza. Atadzutsa mutu, anapeza akazi awo akuwayang'ana kuchokera kumbali ya amayi, dzanja lili pa tsaya. Pa anthu onse aja, awiri okhawo ndi amene sanaone choseketsa.

Kasola anawabwezera madzulo omwewo, ndi mawu ambiri othokoza, ndi mwendo wa mbuzi. Kanali kabwinobwino. Foni yawo itakhuta, munalowa mauthenga anayi a kampani. Wa brigada unali utatopa kudikira.

Ku Mandimba anawauza kuti brigada inabwera, inakhala tsiku limodzi, inapita. Chaka chino inafulumira chifukwa galimoto inapezeka. Za refoma yoimitsidwa akafunse ku Cuamba. Anakwera chapa, minibasi ya ku Cuamba, atanyamula chitini chawo cha mapepala, ndi kalata ya banja yodziwitsa za imfa ya Che Amade, kuti mkazi wamasiye aone ngati angalandireko kanthu.

Khomo lomwe anawalozera linali m'nyumba yomwe ija anagwiramo ntchito, ndipo benchi inali yomwe ija. Anaizindikira ndi msomali womwe anaukhoma okha. Anakhalapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, pamene servente watsopano anatuluka n'kunena kuti abwere mawa. Anawanena mawuwo akuyang'ana pa foni yake, mokalipa, m'chinenero chimodzi. A Samuele anamva chisoni ndi mmene ntchito yatsikira.

Mawa lake analowa. Pa tebulo panali mayi wachitsikana, dona Sandra, waulemu ndithu, yemwe sanawadziwe. Anawapatsa mpando, anatenga bilyeti, anagogoda pa kompyuta, nawauza kuti m'sistema iwo ali pa mndandanda wa osaonekera, ndipo refoma yaima mpaka atatsimikiza kuti ali moyo.

"Ndi ineyo, mayi. Ndabwera."

"Ndikukuonani, bambo. Koma maso anga si makina."

Anafunsa kuti makinawo ali kuti. Ali ndi brigada. Brigada ili kuti? Ili m'maboma ena, ndipo ikamaliza ibwerera ku Lichinga. Angailondole? Ayi, munthu amaika chala m'boma lomwe analembetsa. Chofunika n'kulemba rekerimento, kalata yopempha kuti aonedwe mwapadera, ndi kalata ya kumudzi yochitira umboni kuti munthu amene akupemphayo alipo. A Samuele anavomereza ndi mutu pa mfundo iliyonse. Zonse zinali m'malo mwake. Akanakhala iwo kuseri kwa tebulo sakanasintha kanthu.

Kenaka anatulutsa kalata ya Che Amade. Dona Sandra anagogodanso, nati Amade Saide nayenso ali pa mndandanda womwewo, wa osaonekera. Kalata ya banja siikwanira. Pakufunika chiphaso cha imfa chokhala ndi karimbo, ndipo chisanabwere, ofesi singanene kuti munthuyo anamwalira.

"Ndiye ine ndi alamu anga tili pamodzi?"

"Tsamba limodzi, bambo. Inu nambala 31, iwo 34."

A Samuele anaganiza kuti Che Amade akanaikonda nkhaniyi. Akanaitanitsa tiyi.

Rekerimento anailemba okha, pa benchi, ndi zilembo zopendeka za ku mishoni, ndipo dona Sandra anaiyamikira kuti masiku ano palibe amalemba choncho. Anaidinda, anaiika pamwamba pa mulu wa zinzake, nawaperekeza ndi mawu akuti adzawaimbira.

"Foni musazimitse, bambo."

Mwezi umenewo refoma siinabwere, wotsatira wakenso. Mayi Zaituni anayamba kudula mapiritsi pakati ndi mpeni kuti akhalitse, ndipo masana ankagona chifukwa cha mutu. Za mbuzi sanazitchulenso, ngakhale kamodzi, ndipo a Samuele akanakonda akanazitchula. Mwana wawo Ivone, wokwatiwa ku Etatara, anatumiza kangachepe kamodzi, napepesa kuti nayenso zamuthina. Mvula inayandikira feteleza palibe.

Mango atayamba kupsa, nthawi yomwe brigada inkabwera kale, kunagwa maliro pa mudzi pomwepo, nyumba yachinayi kuchokera kwawo. Anamwalira mayi wina yemwe anawalandira ndi dengu la ufa chaka chomwe anafika ku Mitande. M'mawa kunabwera amuna awiri kudzatenga zapamaliro. A Samuele anatulutsa benchi, anatulutsa mpando, anatulutsa khasu ndi ndowa. Amunawo anaimabe. Mmodzi anati achibale a malemu ali kutali, mwina kasola kaja kangathandize.

"Kanawonongeka," anatero a Samuele. "Kuchokera ku Ngauma kuja sikakugwiranso."

Amunawo anati pepani, zinthu za masiku ano n'zosalimba. Ananyamula benchi napita. Mayi Zaituni, omwe anamva zonse ali m'nyumba, anatuluka atafunda kapulana, nadutsa amuna awo ngati akudutsa chitsa, kupita ku siwa.

Kuyambira tsiku limenelo kasola sikangaonekenso pa bwalo, popeza kanawonongeka. Amakayanika kuseri kwa nkhokwe, pakati pa nkhokweyo ndi mpanda, pomwe dzuwa limafika maola atatu okha, ndipo iwo amakhala pambali pake pa njerwa, kutchera khutu ku mapazi a anthu. Mudzi wonse ukudziwa. Pamudzi sipabisika chinthu chonyezimira. Palibe anawafunsapo, koma moni anafupika, ndipo pa baraka ya Edilson akuti pananenedwa kuti tsiku lawo likadzafika, foniyo ndiyo idzakumbe manda. Mawuwa anawafika, monga amafikira mawu otere. Sanakwiye. Anangoona kuti anthuwo achedwa nayo nkhani: kwa boma iwo anapita kale mu Julyu, ndipo palibe anabwera ndi benchi.

Nthawi zina anthu ochokera midzi ina, omwe sanamve kuti kanawonongeka, amawaimitsa pa msewu kufunsa ngati kasola kotere n'koyenera kugula. A Samuele amayankha moona, monga munthu wopereka lipoti. Amati kamagwira ntchito, bola kupukuta fumbi ndi kukatembenuza. Amati pa mitambo n'kaulesi. Kenaka amafunsa munthuyo ngati ali ndi achibale ambiri okalamba, ndipo akayankha kuti inde, amamuuza kuti asunge mbuzi yake.

Foni ili m'thumba la malaya, yokhuta mizere yonse inayi. Ikalira amaitulutsa msanga, amavala magalasi, n'kuwerenga mpaka kumapeto za mayunitsi aulere.